Tsiku Limene Siliva Anakana

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi akutsuka machubu mu labu ya sukulu, koma mayi aja ana ankawatchula kuti Anasopo sankamvetsabe chimene ankatsukira. Iwo ankatsuka chubu mpaka kuyera mbee, aphunzitsi n'kuthiramo timadzi tawo, n'kuchiviika m'madzi otentha, mkati mwake n'kumata siliva ngati kalilole. Ana n'kuwomba m'manja, kuwombera litsiro! Mawa lake linkabwerera kwa Anasopo pa sinki.

Kutatsala masiku awiri kuti ana alembe mayeso a mu labu, siliva anakana. Aphunzitsi atsopano, aja oyenda buku lili m'khwapa, anayesa katatu konse. Madzi anangoti duu.

"Amayi, machubu anuwa ali ndi mafuta," anatero. "Mankhwala anga a aledihaidi salephera, buku likunena. Zikakanikanso mawa, ndiuza ahedi apeze munthu wina."

Anasopo mutu unaima, mtima unawawa. Anatsukanso onse ndi sopo watsopano mpaka zala kuchita makwinya. Kapena maso ayamba kutha? Kapena ndi burashi? Anaiyang'anitsitsa burashiyo ngati iyankha.

M'mawa mwake aphunzitsi atangotsegula botolo lolembedwa kuti aledihaidi, fungo linawapeza Anasopo ali pa sinki. Linali fungo la mankhwala amene mwana wawo wamkazi amachotsera utoto m'zikhadabo. Anaumitsa khosi.

"Pepani aphunzitsi, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma lonunkhira chonchili, chibwerere ine muno, silinachitepo kalilole. Limachita ndi linzake lija, lobaya m'mphuno."

Aphunzitsi anakupizira fungo kumphuno, n'kuwerenga kapepala kapabotolo, n'kukupiziranso.

"Uyu ndi kitoni, si aledihaidi," ananong'ona. Timapepala ta pamabotolo awiriwo tinali titamatidwa mosemphana, ndipo zolembazo zinali za dzanja lawo lomwe.

Anathira za m'botolo linalo, ndipo posakhalitsa siliva anakwera m'chubu.

"Mwaona amayi, aledihaidi amalandira okosijeni mosavuta, pomwe kitoni amakana. Mwamva?"

Anasopo anangogwedeza mutu, osatolapo kanthu. Funso lawo linali limodzi basi.

"Ndiye kwa ahedi kuja simupitanso eti?"

Aphunzitsi anazyolika.

"Ndinawauza kale dzulo lomwelo."

Anavula magolovesi n'kuliyatsa liwiro la ku ofesi. Anasopo anatsala chiimire, burashi ikudontha m'manja, osadziwa ngati sinkiyo idakali yawo.