Tebulo Lozungulira la ku Lirangwe

Dzulo ndikudutsa pa shopu ya mipando kuno ku Chileka, fungo la vanishi linandibwezera ku Lirangwe, ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Kwathu tinkadyera pamphasa. Chaka chimene tinafolera nyumba ndi malata, bambo anati tigule tebulo, ndipo anatitenga ine ndi mayi kupita kwa kalipentala. Bambowo mtima unagwa pa tebulo lalitali, la makona anayi.

"Ili ndiye laulemu," anatero akuligogoda. "Ine ndizikhala kumutu kuno."

Mayi anamasula chitenje chimene anayezera pabalaza pathu n'kuchiyala patebulopo. Chinaperewera.

"Bambo a mwana, likalowa limeneli, ife tizidzera pawindo?"

Kalipentala anaseka mpaka pensulo yapakhutu inagwa. Bambo sanaseke, moti ndinaopa kuti tibwerera chimanjamanja. Ndinakwawira pansi pa tebulo lina lozungulira, la mwendo umodzi wonenepa, n'kuukumbatira mwendowo. Utuchi unkandibaya m'mawondo.

"Tuluka, iwe!" anatero bambo.

"Sindituluka. Ili ndi langa."

Kenako ndinaona nkhope ya bambo ikusuzumira chozondoka, ndevu zikunjenjemera ndi phwete.

"Akalipentala, kwezani pangolo limeneli, ndi mwiniwake yemwe."