Njere za M'chitini cha Achimwene

Loweruka lapitali ndinakwera njinga yamoto kuchoka pa Dowa Boma kupita kwathu, kufupi ndi Kasakula. Ndinatsika msana ukuwawa, fumbi lili mpaka m'mano. Ndinkapita kukakalipira achimwene anga, a Layisoni, munthu amene anandilera ndi kundiphunzitsa sukulu.

Nkhani yake ndi ya maso. Achimwene ali ndi ng'ala. Diso lakumanzere linachita chifunga kalekale, lakumanja likutsatira. Achipatala anawauza kuti ntchito yochotsa ng'ala si yaikulu, koma akapitiriza kuzengereza adzayamba kuyenda chogwiridwa dzanja. Anawapatsa tsiku, sanapite. Anawapatsa lina, sanapitenso. Tsopano awapatsa Lachinayi likubwerali.

Chikuwaletsa n'chiyani? Akuti ali pa ntchito. Akuwerenga mawu m'Baibulo.

Ndiulule, moto umenewu ndinayatsa ndine. Miyezi itatu yapitayo, pa gulu lathu la amayi a mpingo pafoni panabwera uthenga wonena kuti mawu akuti "usaope" amapezeka m'Baibulo ka 365, kamodzi pa tsiku lililonse la chaka. Pansi pake panali maluwa ndi timanja topemphera. Kaya n'zoona kaya ayi, sindinafufuze. Ndinangoukankhira ku foni ya alamu anga, a Nambewe, kuti awawerengere amuna awo, ine n'kumadziona ngati ndagwira ntchito yaikulu.

Ndinaiwala kuti achimwene ndi mlimi wa fodya. Munthu amene wakalamba akusankha masamba limodzilimodzi sakhulupirira sikelo ya mnzake. Akuti anangofunsa kuti, "Anawerengayo ndani? Ndiwerenga ndekha. Ndikamaliza ndipita kuchipatalako."

Ndinawapeza pakhonde, Baibulo lili pafupi ndi mphuno, lichero la chimanga kumanja, chitini chakale cha mkaka pakati pa miyendo. Lamulo lawo ndi loti akapeza mawuwo, aponye njere imodzi m'chitini.

Alamu anandikokera kuseri kwa nkhokwe ndisanakhale n'komwe pansi.

"Mwachita bwino kubwera, alamu. Kawiri konse afika ku Yesaya. Ulendo woyamba nkhuku zinagubuduza chitini, ndipo ine ndikuti anachisiya dala chosavundikira. Wachiwiri akuti Baibulo lakale ndi latsopano sakugwirizana, kwina 'usaope', kwina 'usachite mantha', ndiye ayambirenso ku Genesis. Ine ndatopa. Fodya wa chaka chino ndasankha ndekha."

Nanenso ndatopa, abale anga. Ndatopa ndi chikhristu cha masamu chimene chatilowa masiku ano.

Mlaliki wa m'minibasi ya ku Lilongwe sayamba asanatifunse kuti mawu akuti "chikondi" amapezeka kangati. Pa mpikisano wa achinyamata kutchalitchi, mafunso ndi omwewo: vesi lalifupi ndi liti, salimo lalitali ndi liti, "Amen" alipo angati. Wopambana timamuombera m'manja mpaka zikhatho kufiira. Sindikuti n'zoipa. Munthu wodziwa nambala za Baibulo ndiye kuti walitsegula. Koma kodi mawu akapezeka kambiri ndiye kuti amalemera kwambiri? Olembedwa kamodzi tiwataye? Ndipo nambalayo ikasintha chifukwa womasulira wina anasankha mawu ena, ndiye kuti Mulungu wachepetsa lonjezo?

Nambala n'zokoma chifukwa sizitituma kulikonse. Ukadziwa kuti "khululuka" alipo angati, umamva ngati wakhululuka kale, chonsecho mnansi wako wa malire a munda simunapatsane moni chichokereni chaka chatha.

Zonsezi ndinali nazo pakamwa pamene ndinkakhala pamphasa pambali pa achimwene.

"Achimwene, zengerezu adalinda kwawukwawu."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, Esinati," anayankha osadzutsa mutu. Pa miyambi simungawathe.

Anatembenuza tsamba. Njere inagwa m'chitini. Patapita kanthawi inagwa ina. Ndinadabwa kuti mawuwo achulukana bwanji patsamba limodzi, ndiye ndinasuzumira. Anali pa buku loyamba la Mbiri, paja pali mayina okhaokha, uyu anabala uyu, uyu anabala uyu. Chala chawo chinkayenda pakati pa mizere, pomwe palibe chilembo. Njere yachitatu inagwa ine ndikuona.

"Achimwene, apo palibe 'usaope'. Ndi mayina basi."

Chala chawo chinaima. Kenako anatseka Baibulo pang'onopang'ono.

"Ndikudziwa, mlongo wanga. Zilembo zinandithawa mwezi watha. Ndimangotembenuza."

"Nanga njerezi?"

"Ndikaganiza za kampeni kolowa m'diso, mtima umagunda. Ukagunda ndimaponya imodzi. Manja asangokhala."

Ndinayang'ana m'chitini. Chinali chitatsala pang'ono kudzaza.

Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe. Munthu uyu anandibereka kumbuyo kuwoloka nane mtsinje nthawi ya dzinja kuti ndisajombe kusukulu. Lero akuopa, ine ndinamutumizira nambala ndi maluwa a pafoni. Masiku awiri aja amene sanapite kuchipatala, ndinangotuma wakabaza kuti akawatenge, ine ndili kuofesi. Wakabaza atabwerako yekha ndinaimba foni n'kukalipa kuti akuluakulu ena ndi ovuta.

"Kuchipatalako," anafunsa motsitsa mawu kuti alamu asamve, "munthu amalowa yekha?"

Funso limeneli akhala nalo miyezi itatu. Palibe amene anawayankha chifukwa palibe amene anakhala pansi nthawi yokwanira kuti alimve.

"Ndilowa nanu mpaka pomwe angandibweze," ndinatero. "Akandibweza ndikhala pakhomo pomwepo. Mukamatuluka mudzamva mawu anga."

Anangokankha chitini ndi phazi n'kuitana alamu kuti andipatse madzi akumwa, poti mlendo wafika kalekale.

Ndapempha tchuthi kuofesi. Lachitatu ndikagona kwathu, Lachinayi m'mamawa tikwere limodzi. Ngati akwere, sindikudziwa. Achimwene ndi achimwene, akhoza kundiuza kuti nkhuku zagubuduzanso chitini. Koma ulendo uno akakana adzakanira ine, maso ndi maso, ngakhale maso awowo sakundiona bwino.

Kaya "usaope" alipo 365, kaya ndi ochepera, kaya ndi ochuluka, ena awerenge. Ine ndaona kuti mawu amenewa akhoza kudzaza chitini koma munthu n'kumaopabe pakhonde.

M'mawa uno foni yalira. Pa gulu lija pabwera uthenga wina, wa mawu akuti "mtendere", maluwa ake omwe aja, ndipo pansi alemba kuti titumizire odwala onse amene tikuwadziwa. Amayi khumi ndi awiri ayankha kale kuti Amen.

Inu amene mwautumiza kale, ndikufunseni: munthu mwamutumizirayo, Lachinayi lake apita ndi ndani?