Chifuwa cha Nduna Yaikulu

Pamalo ochapira zovala kuseri kwa msika, aliyense ankangomuti Achemwali, ndi achikulire omwe. Ntchito yake inali yosita: malaya a anthu a m'maofesi, madiresi a ukwati, nsalu za m'mahotela. Mafilimu analibe nawo ntchito. Ankati n'zotayitsa nthawi, ndipo amene ankawamva kwambiri mawu amenewa anali mlongo wake wamng'ono, yemwe kuyambira ali mwana ankatchedwa Wailesi chifukwa pakamwa pake sipankatsekeka.

Wailesi ankakhala m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya Achemwali, ndipo ankamasulira mafilimu akunja. Ankakhala pa kompyuta, maikolofoni ali kukamwa, n'kumayankhula mawu a aliyense: mfumu, mfiti, ngakhale hatchi. Adayamba kudwala chifuwa nyengo yozizira. Pomwe kunkayamba kutentha n'kuti atamuika kale m'manda.

Patapita miyezi, mayi wopinda zovala adabwera ndi foni kuntchito n'kuitsamiritsa pa botolo la madzi. Achemwali adangomva mawu a Wailesi akuti, "Mfumu yagona, musaidzutse." Simbi idaima pa kolala mpaka kolalayo idanunkha kupserera.

"Zimitsani," adatero. Kenako, "Ayi, isiyeni."

Inali filimu ya magawo ambirimbiri, ya ufumu wina wa m'mapiri. Mfumu idafa kalekale, koma nduna zidabisa maliro n'kumalamula m'dzina lake kuseri kwa chinsalu. Mwana wamkazi wa mfumuyo ankauluka pamsana pa chimbalame, kufunafuna asilikali oti amuthandize. Poyamba Achemwali ankaonera kuti azingomumva mlongo wakeyo basi, koma nkhaniyo idamukola. Adayamba kukangana ndi mnzake wopinda zovala uja za amene adathira poizoni m'chikho cha mkulu wa asilikali. Tsiku lina adachenjeza kasitomala kuti asamale ndi anthu oseka ndi mano okha ngati nduna yaikulu ya m'filimuyo, kasitomalayo osadziwa n'komwe kuti akunena nduna iti.

"Si inu munkati n'zachibwana?" adafunsa mnzakeyo.

"Pindani zovala, mayi."

Nkhani ili pakati, nduna yaikulu idayamba kutsokomola. Pa chithunzi pakamwa pake panali potseka, koma chifuwa chinkamveka. Wailesi ankachiphimba ndi nthabwala: "Pepani akuluakulu, nyumba yachifumu ino sakusesa." Gawo lililonse chifuwacho chinkakula, ndipo mawu a mwana wa mfumu adayamba kusasa.

Pa gawo lina, nduna zili pa msonkhano wachinsinsi, kudamveka kugogoda kwa chitseko, ndi mawu a mkazi chapatali: "Iwe, anzako ali kuntchito, iwe ukungobwebweta m'menemo." Wailesi adayankhulitsa mlonda wa pakhomo la mfumu: "Bwana, mfumukazi ya kukhitchini yakwiya."

Mayi wopinda zovala adaseka, koma atayang'ana nkhope ya Achemwali adasiya.

Patangopita magawo ochepa, mawu adasintha. Anali a munthu wina, wathanzi, wothamanga poyankhula, ndipo mayina a nduna ankawatchula mwina. Achemwali adavula epuloni n'kupita kwa wogulitsa mafilimu pamsika.

"Za mawu akale aja mulibe zina?"

"Zidathera pomwepo, amayi. Mwiniwake ndidamva kuti adatisiya. Koma watsopanoyu naye akuyesetsa."

Achemwali sadamuuze kuti iye ndi ndani. Adathokoza n'kubwerera.

Adayesa kusiya kuonera, koma mtima sudamulole. Ankati akagwira simbi, maganizo ali kumapiri kuja: kodi chinsalu adzachitsegula ndani, nanga mtembo wa mfumu adzaupeza uli bwanji? Masiku ano amaonera nthawi yopuma masana, atakhala pa mtolo wa nsalu, mawu atawazimitsiratu. Amangoyang'ana milomo ya nduna ndi maso awo.

Mayi wopinda zovala amati nthawi zina amamva wina akuyankhulira ndunazo chapansipansi, mawu aamuna, osasa. Akacheuka amapeza milomo ya Achemwali ikugwedera. Adawafunsa kamodzi.

"Ine? Sindinanene kanthu," adayankha Achemwali, maso ali pa foni. "Khalani chete, akumutsegulira chipata mwana wa mfumu."