Tsiku limene mabasi anaima ku Thamesmead

Ndikukumbukira m'mawa wina ndili ndi zaka khumi, mu 2009, titadzuka n'kupeza Thamesmead yense, dera limene tinkakhala, atayera ndi chipale chofewa. Mabasi sankayenda, sukulu anatseka. Ine ndinaganiza kuti ndiswera m'bulangete, koma amayi anali atavala kale jekete.

Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'nyumba zawo. Mmodzi mwa iwo anali bambo Colin, Mzungu amene ankakhala yekha kufupi ndi Woolwich. Atamuimbira foni, iye anangoti ali bwino, asavutike.

"Munthu uja satero," anatero amayi. "Vala, tikupita wapansi."

Njira inali yaitali. Chipale chinkalira phwatuphwatu kumapazi, masokosi ananyowa, makutu ankapweteka ngati wina akuwakoka. Ndinadandaula njira yonse mpaka amayi anandilonjeza kuti andimenya khofi.

Bambo Colin tinawapeza atakhala pampando, atavala malaya okha, hita ili yozima. Manja awo anali ozizira ngati chitsulo, ndipo ankalankhula mochedwa. Amayi sanataye nthawi: anayatsa hita, anawafunditsa mabulangete awiri, anaimbira namwino, kenako n'kuwamwetsa tiyi wa shuga pang'onopang'ono. Ine ndinaima pakona, mano akugundana, ndikung'ung'udzabe.

"Tadala, tseka pakamwa!" anakalipa amayi.

"Musiyeni adandaule," anatero mkuluyo m'Chingerezi, mawu atayamba kubwerera. "Wodandaula ndi wamoyo."

Atafundidwa bwino anandiitana pafupi. Anandiuza kuti ali mnyamata ankagwira ntchito m'sitima zopha nsomba kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, ku Arctic. Kumeneko, anatero, mtengo sungauone, ndipo pansonga penipeni pa dziko palibe nthaka, ndi nyanja yokha youndana pamwamba. M'nyengo yozizira dzuwa silituluka kwa miyezi, m'nyengo yotentha sililowa, moti munthu amagona kuli mbee. Mafunde akawaza m'sitima, madziwo ankauma nthawi yomweyo, iwo n'kumaswa ayezi ndi nyundo kuti sitima isalemere n'kugubuduzika.

Ndinawafunsa ngati ankaopa zimbalangondo zoyera zimene ndinaziona pa TV. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Ayi, mwana. Tinkaopa mnzathu akakhala chete. Kuzizira kukalowa kwambiri, munthu amasiya kunjenjemera, amayamba kumva kukoma, amati ali bwino. Ukamva choncho, usamukhulupirire. Mugwedeze."

Anayang'ana amayi, kenako anaweramitsa mutu mwamanyazi. "Lero ndinaiwala ndekha."

Tinakhala kumeneko mpaka masana. Masokosi anga ankauma pa hita akutulutsa nthunzi, ine ndikudya buledi wootcha wopaka jamu, bambo Colin akundilongosolera za kuwala kobiriwira kumene kumavina kumwamba kumpotoko. Pobwerera amayi anandigwira dzanja, ndipo anandisiya kudandaula mmene ndingathere.

Ku Arctic sindinafikeko, mwinanso sindidzafikako. Koma mumzinda muno muli anthu ambiri okhala okha kuseri kwa zitseko, ena ndi a kwathu komwe. Amene amandiimbira n'kumadandaula za lendi, za abwana, za mvula, sandidetsa nkhawa. Koma mnzanga akasowa, n'kungoyankha kuti "ndili bwino", ndimavala jekete n'kukagogoda.