Chitsulo chimene ndinagula ndi tambala ku Chiromo

Ndikudziwa kuti ena mukangomva kuti nkhaniyi ndi yanga muyamba kale kuseka, poti mumati ndimathira mchere wambiri pokamba, koma iyi yokha inachitikadi, ndipo wokayika apite kudambo kuseri kwa mudzi wathu akaone dzenje limene ng'ombe zimamwamo madzi mpaka lero.

Ine kusula sindinabadwe nako. Ndinakalambira ku esiteti ya nzimbe, ndipo nditapuma ntchito manja anayamba kuyabwa, ndiye ndinamanga kachipala kuseri kwa nyumba n'kumasula timipeni ndi makasu a anthu ongondipempha, kuthawa kukhala pakhonde n'kumawerenga mbuzi za eni. Chinandivuta ndi phewa, ndikamenya nyundo kakhumi linkayamba kulira. Tsiku lina mkamwini wanga anandionetsa pa foni nyundo yodzimenya yokha, yoyendera injini, tayala ndi lamba. Ine sukulu ndinalekezera sitandade folo, koma maso angawa anafika fomu folo, ndinangoyang'ana kawiri n'kunena kuti chimenechi ndipanga.

Akazi anga anati ukalamba wandilowa kumutu, ndipo phokoso lake lidzaletsa nkhuku kuikira. Ndinawamvera ngati? Sipuling'i ya lole ndinakaipeza ku Bangula, tayala la minibasi nalonso komweko, injini ndinazula pa pampu yothirira kudimba, mutu wa nyundo chinali chidutswa cha ekiselo. Chinatsala ndi chitsulo cholemera chosulirapo, choti nyundo izigwerapo.

Ndinakachipeza ku Chiromo madzi osefukira ataphwa. Msodzi wina ankamangirirapo bwato lake, ati chinafukuka mumchenga cha kumene Ruo amathira mu Shire. Chinali chachitali ngati mkono wanga, chonenepa, kumodzi kosongoka, kwinaku kwafulati ngati tebulo, dzimbiri lokhalokha, ndipo chakumunsi chinali ndi kalamba ka mkuwa kozungulira. Ndinati ichi n'chidutswa cha mlatho wa njanji basi. Ndinamupatsa tambala wa m'khola mwanga, n'kuchimanga panjinga, ndipo panjira chinagwa kawiri, kachiwiriko ndinachimenya theche chifukwa cha mkwiyo. Kunyumba ndinaboola chitsa cha tsanya, kosongoka kuja n'kuloza pansi, kwafulati kumwamba, kalamba ka mkuwa kaja n'kukakwecha ndi phulusa ndi ndimu mpaka kuwala.

Chinthu chimodzi chokha ndinachita ulesi. Nyundo ya pa foni ija inali ndi chopondera, ukaponda imenya, ukachotsa phazi ileka. Ine ndinati zimenezo tidzaona mawa, ndinangokoka lamba ndi mphira kuti akhale wothina nthawi zonse, kutanthauza kuti injini ikalira nyundo siyipuma mpaka munthu atazula waya wa pulagi, ndipo injiniyo inali phazi limodzi kuchokera pachitsa.

Tsiku loyesa linali la mu Okutobala, dzuwa lija loti nsapato imamata pansi. Akazi anga analawirira kudimba, ati sangaimirire kuonerera munthu wa imvi akudula zala zake. Ndinadzaza petulo mpaka pakamwa, anthu atazungulira, ndinakoka chingwe, ndipo inamenya, abale, inamenya mpaka nthaka kunjenjemera, khasu lofiira likuphwatalala ngati chikondamoyo. Ndinkangoyenda chotukumula chifuwa, kufunsa amene ankandiseka aja kuti ali kuti.

Mpamene anafika mkulu wina mnzanga wa bawo, amene anathawa nkhondo ku Mozambiki kalekale n'kukhazikika konkuno, atanyamula khasu lake lothyoka. Anawerama kuyang'ana pansi pa nyundo, ataona mkuwa wowala uja khasu linamugwa m'manja, n'kuyamba kubwerera chafutambuyo monyang'ama. Ine ndinamuseka kuti kodi achimwene, kwanu injini simunaionepo? Anandikoka malaya mpaka batani kuduka, n'kundiuza kukhutu m'Chisena kuti zoterezi ndi zimene zinkagwa m'mudzi mwawo, ndi bomba la mzinga limene silinaphulike, ndipo kosongoka kumene ndakwirira m'chitsa ndi kumene kumayatsa. Ndinati ngakhale zitatero, zaka zonsezi m'madzi linafa kale ndi dzimbiri. Anati nkhabe, ayi ndithu, lina lotere linapha mphwake nkhondo itatha kale, akulima.

Sindikudziwa amene anamva poyamba, ndinangoona anthu ali balala. Ndipo ndisakunamizeni, ine wa phewa ndi mawondo ndinapitirira anyamata a mpira. Tinakaunjikana kuseri kwa chulu chachikulu patsidya pa msewu, nyundo ili pantchito yokhayokha, khasu litagwa kale, tsopano ikumenya pabomba penipeni. Wina anati tidikire petulo athe, ine ndikudziwa kuti ndadzaza wa maola atatu. Wina anati tigende waya ndi miyala. Wina anati mwini wake apite, ndipo onse anandiyang'ana, ine n'kuyang'ana kumbali ngati mwini wake ndi wina. Kumenya kulikonse ndinkati ndi komweku, kenako kwina, kenako kwina.

Kenako tinaona dengu la mbatata likutulukira kanjira ka kudimba, kuseri kwa nyumba. Anali akazi anga. Tinakuwa, tinagwedeza malaya, koma ndi phokoso lija akanamva chiyani? Anatiyang'ana patali n'kupukusa mutu, anatula dengu mosafulumira, anakonza chitenje, n'kulowa m'chisakasa cha chipala muja. Anaima pafupi ndi chitsa manja ali m'chiuno, kuyang'ana nyundo ikukwera ndi kutsika. Apa ndiye pamene ndimachita manyazi pofotokoza. Ndinadzuka kuti ndithamangire mayi amene ndakhala naye zaka zonsezi, koma miyendo inakana, inangoti zii ngati yobwereka, ndinagwada pomwepo n'kumangotchula dzina la mwana wathu woyamba.

Anawerama. Kenako kunangoti chete.

Anali atazula waya uja, monga ankachitira ndi pampu kudimba. Mawu awo anamveka mpaka kuchulu, kufunsa kuti ndani wasiya injini ikumwa petulo pamene amuna athunthu akusewera chibisalirano, akulankhula phazi lili pachitsa. Amene anapita kukawagwira dzanja n'kuwatulutsa pang'onopang'ono anali mkulu wa ku Mozambiki uja, osati ine.

Tinakanena kupolisi, ndipo m'mawa mwake kunabwera asilikali, anasamutsa anthu a m'nyumba zonse zoyandikana, n'kulinyamula bombalo ngati khanda pamchenga kupita nalo kudambo. Mmodzi anandifunsa kuti ndalimenya kangati, nditati sindinawerenge anangogwira kumutu n'kubwerera kwa anzake. Ataliphulitsa, malata anagwedezeka mudzi wonse, ndipo a ku Bangula amati analimva.

Chimene ndimakhulupirira lero n'chakuti Mulungu sanayang'ane ine tsiku lija, ine anali atanditaya kale pa theche la panjira lija, anayang'ana mayi wobwera ndi mbatata amene sanalakwe kanthu. Ndiye inu okonda kutola zitsulo, makamaka kuno kufupi ndi malire madzi akaphwa, mukaona chosongoka kumodzi chokhala ndi lamba wa mkuwa, musachigwire, musachigule ngakhale ndi dzira, kaitaneni apolisi. Ndipo mukamapanga makina, yambani mwapanga pozimitsira.

Nyundoyo ilipo, ndinaika chopondera, pansi pake pali ekiselo ya thirakitala imene mkulu uja anayamba waiyendera mbali zonse. Akazi anga sanandikalipirepo za bombalo. Kungoti ndikawauza pagulu kuti mayi awa ndingawafere, amandifunsa mofatsa kuti kodi bambo, mukafera kuseri kwa chulu chiti.