Sitima ya a Medson Itakwera Phiri

A Medson Namakhwa anakulira ku Nayuchi, kufupi ndi malire a Mozambique, komwe bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanji. Ukalipentala anakauphunzirira ku Zomba, tawuni imene sitima siifika, ndipo anakhazikika ku Sadzi m'nyumba ya lendi, iwo ndi akazi awo a Phoebe ndi mwana wawo wamkazi, Aggie. Ankakhoma mipando, makabati ndi zitseko kuseri kwa nyumba. Anthu ankawadziwa kuti sachedwa kunyansidwa. Thabwa lachinyezi, msomali wopindika wobisidwa ndi utoto, kapena munthu wolavula pamene anzake akudya, zonsezi zinkawakwinyitsa nkhope chimodzimodzi.

Matipate atangoyamba kumene, mphunzitsi wina wa ku koleji ya ku Chirunga wochokera kunja anawaitana kuti amukhomere mabokosi olongedzeramo katundu pobwerera kwawo. Ntchito itatha, anawapatsa katoni imene inasowa malo. Munali tinjanji, timabogi, kabokosi kolumikizira ku magetsi, ndi kainjini kakuda kosadzaza ndi chikhatho chomwe. A Medson atakalumikiza kunyumba, kainjini kanayenda, ndipo iwo anakhala pansi pasimenti mpaka miyendo inachita dzanzi.

Pansi sipanathandize. Fumbi linkaimitsa mawilo, nkhuku zinkalowa n'kujompha timabogi. Anakhoma thebulo limodzi lalikulu ngati chitseko cha tchalitchi, n'kuliika pabalaza.

"Bambo a Aggie, ndiye ife tizidyera panja?" anafunsa a Phoebe.

Thebulo linatuluka n'kukakhala pakhonde. Mvula itabwera linapindika ngati lichero, sitima n'kumagwa paliponse. A Medson analiyang'ana monyansidwa, podziwa kuti ndi manja awo omwe anali atakhoma chinthu choterocho, ndipo analiphwasula tsiku lomwelo.

Apa mpamene anaganiza zopanga zigawo. Chigawo chilichonse chinali choti munthu mmodzi n'kuchinyamula m'khwapa n'kudutsa nacho pakhomo. Pansi pake ankakhomapo nthiti zamatabwa kuti chisapindike. Matabwa ankakasankha okha kwa ocheka paini kuphiri, n'kuwaumika kudenga chilimwe chonse. Chovuta chinali kumapeto, pokumana zigawo ziwiri, chifukwa kanjanji kakasemphana ngakhale pang'ono ngati chikhadabo, sitima inkagwa. Anatenga kathabwa kolimba ka mlombwa, n'kukaboola mabowo a zikhomo ndi a mabawuti, n'kulembapo podutsa njanji. Mapeto a chigawo chilichonse ankawayezera pa kathabwa kameneko, moti chigawo chilichonse chinkagwirana ndi chinzake chilichonse. Akamaliza kuyendetsa sitima ankamasula mabawuti n'kusanja zigawozo pamwamba pa kabati.

Pa chigawo china anamangapo siteshoni ya ku Nayuchi monga ankaikumbukira. China chinali ndi mlatho. China chinali ndi phiri lokhala ndi mphanga yodutsamo sitima. Phiri loyamba analiumba ndi nyuzipepala zomata ndi phala la ufa wa chinangwa, koma posakhalitsa mphemvu zinamangamo mudzi, ndipo tsiku lina sitima inatuluka m'phangamo itanyamula imodzi. A Phoebe anaseka mpaka misozi. A Medson sanadye tsiku limenelo. Phiri lachiwiri anamata ndi guluu wa matabwa, udzu wake n'kukhala utuchi wonyika mu utoto wobiriwira.

Mbiri inafika kwa a Dickson Chimombo, amene anali ndi malo odyera ndi omwera mowa m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Anabwera Khirisimasi itayandikira, atavala suti.

"Amisiri, chinthu ngati ichi n'chosayenera kubisika ku Sadzi," anatero. "Kwathu kumabwera mabanja, ana a masukulu, ngakhale azungu. Ndichiika m'chipinda chakechake, chokhoma."

"Osachigwira ndi manja amafuta," anatero a Medson.

"Ndani angagwire? Kiyi ndisunga ndekha."

A Phoebe sanafune, koma a Medson anaganizira za ana a ku Zomba amene sanaonepo sitima chibadwire. Anakweza zigawo zonse m'galimoto ya a Dickson, anakazilumikiza okha, n'kuonetsa mayi wina wogwira ntchito pamenepo, a Cathy, mmene amayatsira ndi kuzimitsira.

Chaka chatsopano chitadutsa, anakwera phiri wapansi kukatenga katundu wawo. M'njira anadutsana ndi amayi osenza nkhuni ndi ogulitsa zipatso, ndipo mtima unali m'malo. Atafika anapeza chipinda chija chili pululu, muli makireti a mabotolo okhaokha. A Cathy atawaona anagwira pakamwa.

"Bambo, ine ndinayesa kuletsa. Anthu anachuluka, matebulo anaperewera. Abwana ataona kuti mabawuti amamasuka, anati tingogawa."

Chigawo cha phiri anachipeza mu bala, pakona. Mphanga ija anthu anali ataisandutsa pozimitsira ndudu, ndipo ena ankalavuliramo. Makhololo anali ataumira pakhomo pake. Timitengo ta paini tinali titazulidwa, mwina potokosera m'mano. Chigawo cha mlatho chinali pakhonde, chonata ndi mowa wotayika, ntchentche zili ng'waa, ndipo kunsi kwa mlathowo wina anali atasanzako, wina n'kuthirapo mchenga osakolopa.

Cha siteshoni chinali kuseri, pafupi ndi chiwaya cha kanyenya. Wootcha nyama anali atachitembenuza chafufumimba n'kumadulirapo mbuzi. Magazi ndi mafuta zinali zitalowa m'thabwa, zidutswa za matumbo zitakanirira m'makona a nthiti zija, mphutsi zikuyendamo. A Medson atachitembenuza, kasiteshoni kanali kataphwanyika, denga lake litamatirira ku chitsa chimene anatsamiritsapo. Anapotoloka n'kukagwira mtengo.

A Dickson anatuluka akutafuna nyama.

"Aa, amisiri! Katundu wanu ndi wolimba, ndakuvulirani chipewa. Chikwanje chalephera kumung'amba."

"Munati kiyi musunga nokha."

"Inde, koma inali nyengo ya chisangalalo. Musadandaule, a Cathy atsuka ndi sopo. Si zidole za ana izi?"

"Kainjini kali kuti?"

A Dickson anapisa m'thumba la jekete n'kukatulutsa pamodzi ndi machesi ndi zotsekera mabotolo. Kankanunkha ngati waya wopsa. Makasitomala, a Dickson anafotokoza akuseka, ankakakweza tambula ya kachasu n'kumabetcherana ngati kafike nayo kumapeto. A Medson anakalandira ndi nsonga za zala, n'kukakulunga m'kampango. Galimoto imene a Dickson anati iwaperekeze anaikana. Anapempha anthu awiri otsitsa matabwa panjinga kuti awanyamulire zigawozo, iwo n'kumatsatira m'mbuyo patali ndithu chifukwa cha fungo.

Kunyumba a Phoebe anaima pakhomo atatseka mphuno ndi chitenje.

"Zimenezo m'nyumba muno ayi."

"Sindinati zilowe."

Anachotsa tinjanji n'kutiviika m'parafini. Zigawo zimene zinangodetsedwa pamwamba anazipala n'kuzipakanso vanishi. Cha siteshoni, cha mlatho ndi cha phiri anaziwazira padzala n'kuziyatsa, ndipo utsi wake unanunkha mafuta a mbuzi mpaka anansi anatuluka kudzafunsa ngati kuli phwando. A Medson anasamba m'manja kangapo, komabe madzulo ake anadya ndi supuni.

Kainjini anakapititsa kwa a Amisa, okonza mawailesi ku msika wa Zomba. A Amisa atakatsegula anapukusa mutu, nati kamota kake kanapseratu ndipo koteroko sikapezeka ngakhale ku Limbe. A Medson anakhoma zigawo zina zatsopano m'malo mwa zimene anawotcha, ndipo zinagwirana ndi zakale popanda vuto, koma sitima inayamba kuyenda mokankhidwa ndi chala. Nyama ya mbuzi sanaidyenso.

Patapita miyezi, a Dickson anaimika galimoto pamsewu n'kuliza hutala, kenako anatsika n'kufika pamene a Medson ankagwirira ntchito. Ankafuna matebulo a bala, olimba ngati zigawo zija, omasuka ndi mabawuti. A Medson anali akupala chitseko. Anamvetsera mpaka a Dickson atamaliza, kenako anawalozera kwa kalipentala wina wa kumunsi kwa msewu.

"Pitani kwa a Lajabu. Amakhoma mwachangu."

"Koma ine ndikufuna dzanja lanu, amisiri."

"Chotsani nsapato yanu pathabwapo," anatero a Medson, n'kupitiriza kupala.