Fani ya Bambo Rosaire

Bambo Rosaire Lapierre anakalambira m'nkhalango za ku Gaspé akugwetsa mitengo, mpaka chipika chinawaphwanya chiuno. Kuyambira pamenepo masitepe a m'nyumba mwawo ankangowaona ndi maso. Ankagona m'munsi, pabalaza, pafupi ndi chitofu cha nkhuni. Akazi awo, mayi Fernande, mtima utayamba kuwavuta, anakakamira chipinda cham'mwamba.

"Pabalazapo tinagonekapo maliro a apongozi," ankatero. "Mukufuna ndiyambe kuyeserera?"

Ine woyandikana nawo nyumba ndi amene ndinkakwera kukawasambitsa ndi kuwapatsa supu wa nsawawa wophika amuna awo.

M'denga, molunjika chitofu, munali bowo lakalekale lokwezera mpweya wofunda. Banja lonse linkayendera pabowo pomwepo.

"Mdala, mwachulutsanso mchere, ndikumva fungo!"

"Mchere unayamba liti kununkha, mayi inu?"

Chisanu cha chaka chatha chinali cha dzaoneni. Mwana wawo Ghislaine atabwera kuchokera ku Montréal, anagwira mapazi a mayi ake n'kutsika atakwinya nkhope.

"Adadi, ndikadzapezanso kukuzizira chonchi, amayi ndikukawasiya kunyumba ya okalamba. Sindikuseka."

M'mawa mwake bambo Rosaire anagula fani yakale, mwamuna wanga n'kuikhomera m'bowo muja kuti izikankhira kutentha m'mwamba. Chipinda chinafundadi. Koma faniyo inkalira ngati chigayo, ndipo mawu anasiya kudutsa.

Mayi Fernande ankagogoda pansi ndi ndodo mpaka kutopa. "Kawauze azimitse chigayo chawocho, ndili ndi nkhani."

"Nkhani zidikire Epulo, chisanu chikatha," ankayankha mdalayo. "Mayi amenewo akayamba kuyankhula, chipinda chizizira mpaka mawa. Ndiye mwana adzawatenge?"

Zinkandipsetsa mtima. Anthu okhala nyumba imodzi, ine n'kumakwera ndi kutsika ndi mauthenga ngati wa positi! Ndinawauza bambo Rosaire kuti ndi aliuma. Anangoponya nkhuni ina m'chitofu. Pamenepo ndinaona kuti ndi mantha, ndipo ndinawamvera chisoni.

Tsiku lina masana, mu Malichi, ndinakwera ndi supu n'kupeza mayi Fernande atatisiya. Anali atagona m'mphepete mwa bedi, nkhope itayang'ana kubowo. Ndinatsika mbale ili m'manja, yodzaza. Bambo Rosaire anayang'ana mbaleyo, osafunsa kuti chachitika n'chiyani.

"Kunali kofunda?"

"Kunali kofunda, bambo."

"Nanga anandiitana?"

Ndikanadziwa bwanji? Funso limenelo limandipweteka mpaka lero.

Anadzuka movutikira, n'kukazula chingwe cha fani pakhoma. M'nyumba munangoti zii. Kenako anatsamira ndodo yawo, n'kukweza mutu.

"Fernande, ndazimitsa. Nenani tsopano."